Ng'anjo ya Mkamwini

Balani langa ndinalimanga ndekha, chaka choyamba cha ukwati wanga, kumudzi kwa mkazi wanga kufupi ndi Santhe. Njerwa ndinaumba ndekha kudambo, kuwotcha ndekha, kututa ndekha pa wilibala yobwereka, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zondibwereka ngolo. Sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 6 nditamenyana ndi mwana wa munthu wina wa m'komiti ya sukuluyo, koma kuesiteti kumene ndinathawira ndinaphunzirako kuwotcha fodya, ndipo ntchito imeneyo ndinkaidziwa. Fodya wathu si wa bale uja woyanika m'chigafa n'kumadikira mphepo. Wathu ndi wa m'balani, nyumba yayitali ya njerwa yopanda mawindo. Moto umayaka panja mu ng'anjo, kutentha kumayenda m'mapaipi achitsulo kunsi kwa fodya, utsi n'kutulukira kuchumuni osakhudza tsamba. Tsamba limalowa lobiriwira, limatuluka lachikasu ngati nthochi yakupsa. Utsi ukangolowa m'katimo, mwagwira ntchito pachabe.

Ndinali mkamwini. Kwathu ndi ku Lisasadzi, ndipo chimene mtima wanga unkafuna chinali chimodzi: chitengwa, kuti abale a mkazi wanga andilole kumutenga pamodzi ndi mwana wathu tikakhale kwathu. Ndinali nditatopa ndi kutsokomola ndisanalowe pabwalo, kupatuka m'njira ndikaona apongozi, kulima munda umene tsiku lililonse wina akhoza kukukumbutsa kuti si wako. Amalume a mkazi wanga ndiwo anali mwini mbumba, komanso wapampando wa kalabu yathu ya fodya. Nditawatumira mawu, anandiitana.

"Palibe akukukanizani, akamwini," anatero akusenda nzimbe. "Koma mwana wathu sangapite kokadya mphepo. Fodya wa chaka chikubwerachi akatuluka bwino, mubwere ndi ankhoswe anu tidzakambirane."

Ndinawomba m'manja n'kutuluka. Ndinkadziwa kuti fodya ndimutulutsa.

Zinali zaka za makuponi a feteleza. Pabanja lathu kuponi inkabwera m'dzina la apongozi anga aakazi, thumba n'kugawidwa ndi chigoba pakati pa ana awo onse, ife n'kulandira kotsalira, kongokwana mizere ingapo ya chimanga. Ndikafuna kulembetsa ndekha ankati ukalembetse kwanu. Kwathu ankati ukalembetse kumene ukudya. Choncho feteleza wa fodya ndinkamupeza kukampani kokha, kudzera m'kalabu, ndipo kampani yomweyo ndiyo inkagula fodyayo. Ikakufulatira, ulibe kwina kolowera.

Chilimwe chimenecho, anthu atangomaliza kugulitsa, alangizi a kampani anabwera pa njinga yawo yamoto n'kutisonkhanitsa pakhonde la tchalitchi. Anali munthu wamng'ono thupi, waulemu, wokonda kupukuta magalasi ndi malaya.

"Makolo anga, lamulo la kamangidwe lasintha," anatero. "Ogula fodya kunjako akuti mabalani anu akutha mitengo. Kuyambira tsopano balani lililonse likhale ndi ng'anjo yamakono, yayitali, yopapatiza, ya chitseko. Chumuni chikhale cha njerwa, osati migolo ija mumalumikiza. M'kati mutseke kudenga kuti kutentha kusamathawe. Balani lachikale sitililembanso, ndipo fodya wake sitigula."

"Nanga yopapatizayo chipika chizilowera pati?" anafunsa mkulu wina.

"Chipika ayi, bambo. Timitengo ngati mkono wangawu."

Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, munthu wosagona pa nthabwala, anakuwa kumbuyo: "Ndiye fodya tizimuwotcha ndi nkhuni zophikira therere? Tingowasiyira amayi ntchitoyi!"

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndinapezeka ndaimirira.

"Langa ndi latsopano, alangizi. Lawotcha chaka chimodzi chokha."

"Latsopano koma lachikale, achimwene."

"Ndiye munali kuti pamene ndinkamanga? Munkandidutsa ndi njinga yanuyo mukukweza dzanja!"

Amalume anatsokomola kamodzi. Ndinakhala pansi.

Kunena zoona, za mitengo alangizi sananame. Ndili mwana, mombo ndi msuku zinali paliponse. Koma pofika zaka za makuponizo, ngolo inkanyamuka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka ndi zitsa zokhazokha. Balani langa lomwelo linkameza zipika ngati ng'ona. Zimenezo ndinkazidziwa. Chimene chinkandiwawa n'chakuti lamulo linandipeza ine nditangopukuta thukuta.

Kampani inalonjeza zitseko zachitsulo ndi mmisiri wake amene inamuphunzitsa. Wina aliyense akamanga, alangizi sakanavomereza. Njerwa zinali za ife eni. Koma kuwotcha njerwa kumafunanso nkhuni, ndipo alangizi anati akapeza uvuni wowotchedwa ndi mitengo yachilengedwe, kalabu yonse ichotsedwa. Apa m'pamene amalume anatulutsa nzeru imene aliyense anaiwombera m'manja. Anati tigumule ng'anjo zakale zonse nthawi imodzi, njerwa tiunjike pamalo amodzi, tizimanga balani limodzilimodzi tonse pamodzi, monga timachitira pofolera tchalitchi kapena pokumba manda. Mmisiri asamadikire njerwa, asamadikire madzi.

Zoti tiyambira kwa yani palibe anafunsa. Mudzi uliwonse umadziwa amene amayamba kusamba m'manja. Akuluakulu poyamba, kenako ana a m'mudzimo, kenako akamwini, ndipo mwa akamwini, amene anabwera posachedwa ndiye wotsiriza. Wotsirizayo ndinali ine.

Tsiku logumula, ng'anjo yanga ndinaigumula ndi manja anga. Sindinafune kuti wina aiphwanye ndi khasu. Ndinkachotsa njerwa imodziimodzi, kupala dothi, kuisanja. Zinali njerwa zopsa bwino, zofiira, zolira ngati mbale ukazigogoda. Za anthu ena zambiri zinali zakale, zofumbutuka, ndipo pogumula zinkasweka pakati. Mmisiri atafika pa muluwo anatola yanga imodzi, n'kuigogoda ndi chipande chake chomangira.

"Izi ndiye njerwa. Zoterezi tiyambe nazo, zipite pomwe pamakhala moto."

Zinapita kwa amalume. Ndinazisenza ndine.

Miyezi ya dzuwa yonse ija ndinaithera pa mabalani a anthu. Kuponda dothi ndine, kutunga madzi kudambo ndine, kukwera pamwamba kukapereka njerwa za chumuni ndine, chifukwa ndinali wamng'ono ndipo mkamwini sawiringula. Mmisiriyo anali wodziwa ntchito koma anali mmodzi, ndipo makalabu ena ankamulimbiranso. Akachoka Lachisanu, timuone Lachitatu. Tsiku la msika ku Santhe sankagwira. Pakagwa maliro tonse tinkasiya. Ine ndinkangoyang'ana mulu wa njerwa uja.

Unkatha msanga kuposa mabalani. Ng'anjo yamakono ndi chumuni chake inkadya njerwa zambiri kuposa zimene yakale inkapereka, ndiye kuchotsaponso zosweka zija. Aliyense amene wamangiridwa ankasiya kuyang'ana muluwo. Ankauyang'ana ndi amene atsala, ndipo otsalawo tinkachepa sabata ndi sabata.

Ndinapita kwa amalume, ndinagwada monga mwa mwambo.

"Amalume, njerwa sizifika kwa ine."

"Mwawerenga ndinu?"

"Maso ndili nawo."

"Maso tili nawo tonse, akamwini. Zikatha tiumba zina, tiwotcha ndi bulugamu wa kutchalitchi. Mvula ili kutali. Mtima wanuwo muziugwira."

Njerwa zinathera pa balani la mkamwini mnzanga amene ananditsogolera, ndipo chumuni chake anachimaliza ndi zibenthu. Tinaumbadi zidina kudambo, koma anthu ankabwera mokoka miyendo, poti awo mabalani anali ataima kale. Ena ankatumiza moni yekha. Zidinazo zisanaume bwino, kumwamba kunada masana ena, ndipo mvula yoyamba inagwa ngati ikubwezera. M'mawa mwake ndinapeza phala lokhalokha, mizere ya zidina ikungooneka ngati mabala. Tsiku lomwelo mudzi wonse unathamangira kukawokera fodya. Mmisiri anapita kukalima kwawo.

Ndinawokera nanenso. Ndikanatani? Feteleza anali atabwera, nazale inali itakula. Ndinkadziuza kuti pakagwa ng'amba tiumbanso.

Fodya wa chaka chimenecho sindidzamuiwala. Sindinalimepo wotero, ngakhale kuesiteti. Masamba otambalala ngati lichero, okhuthala, ukalowa m'munda manja ankamata. Anthu odutsa pa njinga ankatsika kuti aone. Mlamu wanga anati, "Alamu, mwathira chiyani? Kapena mwakatenga mankhwala kwanu ku Lisasadzi?" Mkazi wanga ankathena fodyayo nane limodzi mwana ali kumbuyo, akuyimba. Anali atayamba kale kufunsa ngati kwathu madzi ali pafupi.

Ng'amba sinagwe. Chaka chatsopano chitangolowa, masamba a m'munsi anayamba kuyezuka. Fodya wa m'balani sadikira munthu. Akapsa uyenera kumuthyola, ndipo ukamuthyola alowe pamoto. Ukamusiya pamtengo amapsa mopitirira, amachita mawanga, amathothoka. Ndipo sapsa kamodzi. Ukathyola a m'munsi, a pamwamba pake amakhala akutsatira.

Ndinayenda balani ndi balani kupempha malo. Aliyense anali ndi fodya wake wakupsa, ndipo akatulutsa wina, wina amakhala ali kale pakhomo pa mikangala, timitengo tomupachikira. "Ulendo winawo, akamwini." "Mukanabwera dzulo." "Funsani awo, lawo ndi lalikulu." Sindinganene kuti ankanama. Mabalani anali odzazadi. Koma linalililonse mwa mabalani amenewo linali ndi dothi loponda ine.

Tsiku lina m'mawa ndinalowa m'munda n'kupeza masamba a m'munsi ali pansi, mzere wonse, atanyowa, akununkha. Sindikumbuka kuti khasu ndinalitola liti. Ndikukumbuka ndikukankha wilibala kulowera kwa amalume, ana akunditsatira. Ng'anjo yawo inali ikuyaka, iwo atakhala pambali pake ndi mlamu wanga.

"Kwagwanji, akamwini?"

"Ndabwera kudzatenga njerwa zanga."

Mlamu wanga anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga anasiya. "Alamu, moto uwo. Muli fodya umo."

"Wanga ali pansi! Akuwola! Munadya njerwa zanga, munadya mphamvu zanga, lero mukuti ulendo winawo? Inu ndinu akuba! Akuba okhala ndi mipando kutchalitchi!"

Ndinakweza khasu. Mlamu wanga anandigwira kumbuyo, tinagwa tonse m'matope, ndipo ndinamumenya chigongono pakamwa. Anthu anathamangira. Amalume sanadzuke n'komwe. Anadikira mpaka anyamata atandipanikiza pansi.

"Musiyeni," anatero. "Akamwini, zanuzo zizindikireni. Zili m'katimo. Lowetsani dzanja muzitenge."

Mkazi wanga anali atafika. Anagwada m'matope momwemo pamaso pa amalume ake, akulira, akupepesa m'malo mwanga, mwana akulira kumbuyo. Chimenecho chinandipweteka kuposa mawu onse. Mawa lake ankhoswe anakhala pansi, ndipo ndinapereka tambala wopepesera pakamwa panga. Za njerwa sanakambe. Anati nkhani inali ya kutukwana akulu.

Kunyumba mkazi wanga anangogwira ntchito zake mpaka madzulo. Kenako anati, "Bambo a mwana, mukadatukwana wina aliyense. Koma amene ali ndi mawu a chitengwa?"

"Ndiye ndizingoseka fodya akuwola?"

"Ine sindinati muziseka."

"Nanga ukuti chiyani?"

"Sindikudziwa. Mangani yakale ija. Mwina alangizi amva chisoni."

Tinamanga awiriwiri. Ndinatolera zibenthu zimene zinatsala pamene panali mulu paja, ndinaumba zidina n'kuziyanika pakhonde ndi m'khitchini, pafupi ndi moto, koma mkati mwake zinali zaziwisi. Ndinkadziwa. Migolo ya chumuni chakale inali ikadali kuseri kwa nyumba, ndinailumikizanso. Mkazi wanga ankamata ming'alu ndi manja ngati akuzira nyumba. Tinathyola zimene zinali zikadali zabwino, tinamanga pa mikangala, tinadzaza balani mpaka pamwamba.

Alangizi anatipeza ndikuyatsa. Anazimitsa njinga, anazungulira ng'anjoyo, anavula magalasi.

"Achimwene, iyi sindingailembe."

"Mmisiri wanu ali kuti?"

"Mvula ikatha abwera."

"Fodya adikire mvula ithe? Inu munalimapo fodya?"

"Bambo anga ankalima," anatero motsitsa mawu. "Ndikumva. Koma akubwera ondiyendera nanenso, amajambula balani lililonse. Ndikalemba ili, mawa ntchito ndilibe, ndipo kalabu yonse ivutika. Wotchani, mwina wina akugulitsirani m'dzina lake. Ine sindinaone kanthu."

Ndinafuna kumutukwana koma ndinangobwerera ku moto wanga. Munthu wake sanali woti n'kumutukwana. Amene anakhala pansi kwinakwake n'kulemba lamulolo, osafunsa kuti mmisiri mmodzi amanga mabalani angati mvula isanagwe, ameneyo sindinamuonepo nkhope mpaka lero.

Masiku oyamba moto umakhala wochepa, wongoti tsamba lisinthe mtundu, ndipo zinayenda. Ndinasuzumira n'kuona chikasu chikubwera bwinobwino, ndipo ndinamuitana mkazi wanga kuti adzaone. Kenako inafika nthawi yokweza moto kuti tsamba liume. Ndinaponya zipika monga ndinazolowera. Masana amenewo ndinali kuseri ndikuwaza nkhuni pamene mkazi wanga anakuwa.

"Bambo a mwana! Utsi ukutulukira kudenga!"

Chumuni chinali chili zii. Utsi unkatuluka m'mphepete mwa malata, mbali zonse. Zidina zaziwisi zija zinali zitang'ambika pamene ng'anjo imalumikizana ndi paipi, m'kati mwa khoma, ndipo utsi wonse unkathira m'balani. Ndinakokera zipika panja ndi manja, ndinatsegula chitseko, utsi unandimenya m'maso. Utachepa ndinalowa. Masamba onse anali akuda ngati denga la khitchini. Ndinagwira limodzi, mwaye unatsala m'zala.

Mkazi wanga anakhala pansi pakhomo la balanilo n'kuyamba kuyamwitsa mwana. Sanalire. Ine ndinatenga nkhwangwa n'kumenya ng'anjoyo mpaka inagwa, ndipo sinavute kugwa.

Fodya wotsala m'munda anapsa pamtengo ndikumuona. Wina ndinamupachika pansi pa denga ngati bale, koma fodya wamtunduwu safuna zimenezo, anangochita nkhungu. Amalume, mwina pomva chisoni, anandipatsa mikangala ingapo pakona ya balani lawo ulendo womaliza, masamba a kunsonga okhaokha. Sanakwane ndi belo lomwe. Mavenda anabwera ndi sikelo yawo n'kutenga zonse, zakuda ndi zankhungu zomwe, pamtengo umene sindifuna kuukumbuka.

Pakati pa zonsezi amalume anadwala msana, ndipo anatuma mlamu wanga, mlomo ukadali wotupa, kudzandiuza kuti ndikawasonkhezere moto, poti m'mudzimo wodziwa moto ndinali ine. Ndinapita. Mkamwini akanakana bwanji, tambala atapereka kale? Ndinakhala pa ng'anjo yamakono ija masiku ambiri, ndipo chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti inali yabwino. Timitengo tochepa, kutseka chitseko, moto n'kumalira wokha m'katimo. Nkhuni zimene langa likanameza ulendo umodzi, apo zinkawotcha maulendo angapo. Fodya ankatuluka wofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ndikanakonda ikanakhala yachabechabe, bwenzi ndili ndi chotukwana. Ndinkakhala pamenepo ndikuwotcha fodya wa munthu wina, wosafika ndi theka la ubwino wa wanga, n'kumamutulutsa wokongola.

Mvula itatha mmisiri anabweradi, chipande chili m'thumba, akuimba mluzu.

"Ndafika, akamwini. Mwatsala ndinu nokha. Njerwa zili kuti?"

Ndinamuyang'ana mpaka anasiya mluzuwo n'kukwera njinga yake.

Kampani inachotsa dzina langa chifukwa sindinapereke fodya. Alangizi anati ndikamanga yamakono ndikhoza kupemphanso, koma malo m'kalabu anali atapatsidwa kale kwa mwana wa mlongo wawo wa amalume. Anthu atabwera kogulitsa, m'mudzi munalowa malata atsopano ndi mawailesi. Ndinadikira mpaka phokoso litachepa, ndipo ndinatuma ankhoswe anga kuti akangofunsa. Anabwerako msanga. Amalume anati iwo sanasinthe mawu: anati fodya akatuluka bwino. Anawonjezera kuti munthu wokwezera akulu khasu pamudzi pa eni, kwawo kumene kulibe womugwira angamuchite chiyani mwana wawo?

Ndinapalasa njinga ndekha kupita ku Lisasadzi kukawauza mayi anga. Ndinawapeza ali kuseri, pa kanyumba kamene mng'ono wanga anandimangira osandiuza. Anali atakafolera, atazira pansi ndi dothi lakuda, ataikamo mtsuko watsopano pakona. Mayi ataona kuti pakaliyala ya njinga palibe munthu, anapukuta manja pa chitenje.

"Ali m'mbuyo?"

"Sabwera, amayi."

"Chaka chino?"

Ndinayedzamitsa njinga pakhoma. Anayang'ana kanyumbako nthawi yayitali, kenako analowa n'kutulutsa mtsuko uja.

"Ndiye tiikemo chimanga," anatero. "Nyumba yopanda munthu imagwa msanga."